Mmene mungatayire mwana waluso pa bwalo la fumbi

Loweruka ndi Lamulungu masana, m'mbali mwa mabwalo a fumbi a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri mumaima amuna amene amati abwera kudzasaka osewera. Ena atumidwa ndi matimu a m'maligi a chigawo chakummwera, ena adzituma okha. Ndawaonerera kwa zaka zambiri, ndipo chimandipweteka n'chakuti ambiri amalakwa mofanana, ngati anapita kwa mphunzitsi mmodzi. Ndaganiza zolemba kalakwidweko monga momwe kamayendera, kuti wochita adzizindikire. Achimwene, ngati mukufuna kubwerera ndi mwana wolakwika n'kusiya woyenera ataima kunja kwa mzere, njira yake ndi iyi.

Bwerani kamodzi kokha. Sankhani tsiku la ndime yomaliza ya bonanza, pamene zimkuzamawu zikulira ndipo amene waika ndalama wakhala pampando wapulasitiki kutsogolo. Fikani chigawo chachiwiri chitayamba kale. Mukamva masapota akufuula dzina limodzi, lembani dzinalo. Musafunse kuti mnyamatayo anasewera bwanji sabata yatha kukugwa mvula, kapena amatani timu yake ikagoletsedwa ziwiri. Mphindi 40 zikukwanireni kuweruza moyo wa munthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma inu mukuthamangira minibasi yobwerera ku Limbe kusanade.

Kenako yang'anani thupi. Tengani wamtali, wa chifuwa chotambasuka, amene akagundana ndi mnzake winayo amagwa. Wamfupi wowonda mumuuze kuti akadye kaye nsima.

Pamenepa simuli nokha, chifukwa ngakhale amene ali ndi ndalama zosawerengeka amagwa m'dzenje lomweli. Ku America kuli mpira wawo wina wonyamula m'manja, ndipo ligi yake yaikulu ndi NFL. Chaka chilichonse matimu 32 amasankha osewera ochokera m'makoleji mosinthana, maulendo 7. Asanasankhe amasonkhanitsa anyamata oposa 300 mumzinda wa Indianapolis, n'kuwayeza kutalika, kulemera, kulumpha, mphamvu zonyamulira zitsulo, ndi liwiro lothamangira mayadi 40. Amakhalanso ndi mavidiyo a masewero onse amene mnyamata wasewera ku koleji. Komabe mu 2000 matimu onse anamudutsa Tom Brady wa ku Michigan kangapo konse, mwa zina chifukwa ankaoneka wochedwa ndi wofooka thupi. New England Patriots inamutenga pa nambala 199, ndipo anadzapambana chikho cha Super Bowl ka 7. Mu 2007 Oakland Raiders inatenga JaMarcus Russell pa nambala 1, chimphona cha mkono wamphamvu, koma pofika 2010 inali itamuchotsa. Ngati anthu oyeza ndi makina amanyengedwa ndi thupi chonchi, nanji inu amene mukuyeza ndi diso muli chiimire padzuwa? Mpira wathu womwewu uli ndi umboni wake: N'Golo Kanté anakhala m'timu yaing'ono ya Suresnes mpaka atayandikira zaka 20 chifukwa masukulu akuluakulu a mpira ku France sanamutenge, koma anapambana ligi ya ku England ndi Leicester City mu 2016 ndi chikho cha dziko lonse mu 2018. Pa bwalo la ku Bangwe mukanamutuma kukatunga madzi.

Tsopano zaka. Apa ndi pamene mungawononge kwambiri, ndiye mvetsetsani. Mnyamata akakuuzani kuti ali ndi zaka 16 chikhalirecho ndevu amameta kawiri pa sabata, vomerani. Musapemphe khadi la kusikelo, musapite kusukulu yake ya pulayimale kukaona chaka chimene analowa Sitandade 1, musafunse amayi ake. Akazengereza, mumuthandize nokha kusankha chaka chobadwa. Tonse timadziwa kuti pali zaka zenizeni ndi zaka za mpira, ndipo timazitchula tikuseka, koma kuseka kumeneko kwatidyera ana ambiri.

Taganizirani chimene chimachitika. Mwana wa zaka 15 zenizeni amaimikidwa pafupi ndi bambo wa zaka 21, onse atavala jezi ya osapitirira zaka 17. Mwanayo akankhidwa, athamanga osapeza mpira, ndipo inu mulemba kuti alibe mphamvu. Abwerera kwawo akukhulupirira kuti sadziwa mpira. Wamkulu uja nayenso simunamuthandize. Amawala chifukwa akusewera ndi ana, saphunzira kuganiza msanga chifukwa thupi likumukwanira, ndipo tsiku limene adzakumane ndi amsinkhu wake mu Super League adzapezeka wamba. Pamene pepala likuti wafika pachimake, mawondo amakhala atayamba kale kudandaula. Ndiye kuti mwataya awiri pa ulendo umodzi.

Dziko lathu linapindulapo ndi chilungamo pa nkhani imeneyi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti sitinaphunzirepo mokwanira. Mu 2009, pa mpikisano wa mu Africa wa osapitirira zaka 17 ku Algeria, timu ya Niger inachotsedwa chifukwa choseweretsa wopitirira zaka, Malawi n'kulowa m'malo mwake, ndipo anyamata athu anakasewera chikho cha dziko lonse cha msinkhu umenewo ku Nigeria. Chaka chomwecho FIFA inayamba kujambula mafupa a pamkono ndi makina a MRI kuti ione ngati anamaliza kukula. Kunjako chinyengo chimagwidwa. Inu musaganize za kunja, ganizani za chikho cha mwezi uno.

Mpira ukamaseweredwa, maso anu atsate mpira basi. Mudzaona wochenga, wodyetsa anzake njomba katatu pamalo amodzi anthu n'kukuwa. Simudzamuona mnyamata wapakati amene amacheuka kawiri mpira usanamufike, amene amatseka njira mdani asanaiganize, amene amapatsira mnzake ndi kukhudza kumodzi n'kusuntha. Ameneyo sakuwitsa anthu. Pa bwalo la miyala ndi zigwembe, mwana amene angaimitse mpira wodumphadumpha n'kuupereka bwino ali ndi chinthu chovuta kuphunzitsa, chimene anachipeza pa mpira wachikulunga m'tinjira ta ku Goliyo kapena ku Nthukwa. Musachilembe. Werengani zigoli zokha, ndipo za goloboyi muzikumbukire tsiku limene mwasowa woimika pagolo.

Mukafuna kuoneka adongosolo, itanitsani tsiku loyesa osewera. Lengezani pa Facebook, pabwere anyamata mazana, aliyense alipire kangachepe pakhomo. Auzeni afike 7 koloko m'mawa, inu mufike 11. Aliyense mumupatse mphindi 15 pakati pa anthu amene sawadziwa ngakhale dzina, pamene aliyense akukakamira mpira kuti aonekere. Wopatsira anzake sadzaubwezeredwa.

Izi ndinaziona ndi maso anga. Kwathu ku Machinjiri kunali mnyamata wina wamanzere, wa zaka 16, wosalankhulalankhula, amene ndinkamuonerera kuyambira ali wamng'ono. Tsiku loyesedwa ananyamuka kusanache, wapansi, chifukwa ndalama ya minibasi ndi imene analipira pakhomo. M'mimba munali tiyi wopanda chomwera. Nsapato anabwereka kwa mnzake, zinali zazikulu, anaikamo mapepala kumapeto. Anadikira padzuwa mpaka masana, ndipo atalowa anaukhudza mpira kanayi. Kawiri mwa kanayiko anautumiza pamalo amene ine ndili panja sindinawaone kuti ndi otseguka. Woyesayo nthawi imeneyo anali pa foni. Chitani chimodzimodzi: musafunse kuti wadya chiyani, wayenda mtunda wotani, nsapato ndi zake kapena ayi. Mwana amene anazolowera fumbi mukamuika koyamba pa kapeti ngati wa pa Kamuzu Stadium, pamene mpira umathamanga mosiyana, muweruzeni pa kukhudza koyamba.

Amene mwamusankha uja, mutengeni mosadutsa kwa makolo. Lankhulani naye kuseri kwa golo, mumupatse ndalama ya chiwaya, mumuuze kuti Maule kapena Manoma akumudikira ngakhale simunalankhule ndi aliyense. Ngati ali Fomu 3, muuzeni kuti sukulu idikira. Bondo likadzathyoka ali ndi zaka 20 alibe satifiketi ya MSCE, inu mudzakhala muli pa bwalo lina. Mukafuna kumukopa kwambiri, tchulani Johannesburg, ndipo musamuuze kuti malamulo a FIFA amaletsa kusamutsira kunja wosewera wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa.

Kochi wa m'dera amene wamulera mwanayo kuyambira ali ndi zaka 10, amene amasoka mipira yekha ndi kuchapa majezi kunyumba kwake, mumulambalale. Ameneyo ndiye akudziwa ngati mnyamatayo amabwera ku maphunziro a mpira pa nthawi yake, ngati amapsa mtima msanga, ngati anavulalapo. Mawu ake a mphindi 10 akanakupatsani zimene simungazione pa masewero atatu. Ndipo pasakhale cholembedwa chilichonse. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, magawo 5 pa 100 aliwonse a ndalamazo agawidwe kwa matimu amene anamuphunzitsa pakati pa zaka 12 ndi 23. Koma ndalamazo zimatsata kaundula. Mwana amene sanalembetsedwe pansi pa timu ya kwawo amaoneka ngati anagwa kumwamba, ndipo bwalo limene linamubala silidzaona ngakhale mpira umodzi watsopano.

Atsikana akayamba kusewera, nyamukani. Iwalani kuti Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndi kuti Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ndi Kansas City Current, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Iye ndi mkulu wake Tabitha anachokera ku Rumphi. Ku Ntopwa ndi ku Zingwangwa kuli ang'ono awo amene akusewera opanda nsapato, ndipo pa nthawi imene akulowa m'bwalo inu mumakhala mutatembenuka kale.

Mnyamata wamanzere uja ndimakumana naye. Amayendetsa njinga yamoto ya kabaza pa msewu wochoka ku Machinjiri kupita ku Limbe, ndipo ali ndi mwana mmodzi. Lamulungu lina amasewerabe m'timu ya m'dera, ndipo anthu a msinkhu wanga timapita dala kukamuona akuimitsa mpira pa fumbi. Mwezi watha atanditsitsa ndinamufunsa ngati anayesanso kwina. Anati, "Ayi madala, kunali kamodzi komweko." Anandibwezera chenji, n'kutembenuza njinga chifukwa kutsidya kwa msewu kunali mayi wina amene ankamukodola.