Tiwaombere m'manja a Kachilombo a m'kalata ya Word

Pa mbava zonse za pa kompyuta, palibe yoleredwa bwino ngati a Kachilombo obisala m'kalata ya Word. Iwo sathyola chitseko. Amafika masana dzuwa likuswa mtengo, atavala dzina loti "Invoice" kapena "CV", n'kuodira. Kamzere kachikasu kakaonekera pamwamba, amapempha modzichepetsa kuti mudine "Enable Content". Mwini ofesi amadina yekha, ndi chala chake, tiyi ali pambali.

Banja lawo n'lodziwika. Mu 1999 azakhali awo a Melissa ankadzitumiza okha kwa anthu 50 oyambirira m'buku la maadiresi la Outlook, mpaka makampani akuluakulu anayamba atseka imelo. David L. Smith wa ku New Jersey, amene anawalemba, anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 20, koma dzina limene anthu amakumbukira ndi la a Melissa.

Luso lenileni lili pa OLE, njira imene Microsoft inakonza kuti munthu azitha kulowetsa tebulo la Excel m'kati mwa kalata. Pomwepo ndi pamene a Kachilombo amayala mphasa. Anapalananso ubwenzi ndi Equation Editor, kapulogalamu kolembera masamu kamene kanakhala ndi bowo kuyambira mu 2000 mpaka mu 2017 popanda wokasuzumira. Podzera m'menemo ngakhale odi uja sankafunikanso. Kutsegula kalata kunkakwanira. Microsoft inaika chigamba mu Novembala 2017, ndipo mu Januwale 2018 inangokachotseratu. Koma eni makompyuta amene amati akaona update amadina "mawa" anawasungabe alendowo kwa zaka. Kuchereza kotani nanga!

Tisaiwalenso kuti a Kachilombo amalembetsa anthu ntchito. Fayilo ya Word ya .docx ndi zip chabe, choncho akatswiri amaisenda n'kukafufuza m'foda ya word/embeddings, ena ndi oletools ya Philippe Lagadec, ena ndi oledump ya Didier Stevens. Akaikayikira amaitsegulira mu sandbox, kompyuta yachiphamaso yoonera khalidwe la mlendo. Apa ndiye ndimawavulira chipewa a Kachilombo: ena akanunkhiza kuti akuonedwa, amangoti phee, osachita kanthu mpaka mayeso athe.

Mu 2022 Microsoft inayamba kutsekereza ma macro a m'mafayilo ochokera pa intaneti, timapulogalamu timene timadzuka munthu akadina "Enable Content". A Kachilombo sanakasume kulikonse. Pofika kumayambiriro kwa 2023 anali atamanga katundu, akuodira anthu kudzera m'mafayilo a OneNote.