Malangizo a katswiri wofunafuna ntchito

Anzanga ena ndi akatswiri a zamalamulo, ena a zaulimi. Ine ukatswiri wanga ndi kufunafuna ntchito, ndipo poti sindinaipezebe, luso likukulirakulira. Inu amene mukulingalira zosintha ntchito, senderani kuno.

Musasiye ntchito chifukwa bwana wakukalipirani pamaso pa mesenjala. Kunja kuno kuli anthu amene amalota akukalipiridwa ndi bwana. Ineyo sindinachoke ndekha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kampani yathu inati ikukonzanso kagwiridwe ka ntchito, ndipo m'kagwiridwe katsopanoko munalibe mpando wanga.

Zikakuchitikirani zotere, musathamangire kulira. Lamulo la ntchito limati wochotsedwa motere apatsidwe malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chimene wagwira m'zaka zisanu zoyambirira, ndipo zaka zikapitirira apo ndalamayo imakwera. Akakuzembani, ofesi ya leba ilipo. Funsaninso za penshoni: 5 peresenti imene ankakudulani ija, ndi 10 peresenti ya abwana, ndi zanu. Chimene lamulo silinena ndi chakuti achibale amamva za ndalamayi isanalowe n'komwe ku banki. Amalume anga, amene anatha zaka osadziwa kumene ndimakhala, anafika pakhomo osasochera.

Kenako mudzazindikira kuti kufuna ntchito kumadya ndalama kuposa kukhala pa ntchito. Fotokope ya satifiketi ya MSCE, chidindo chotsimikizira kuti fotokopeyo si yabodza, envelopu ya khaki, zithunzi, bandulo ya intaneti, minibasi yopita ku Kanengo kukawerenga chikwangwani cha pageti chakuti ntchito palibe. Zolengeza za m'nyuzipepala nazo n'zodabwitsa. Akufuna munthu wosapitirira zaka 30 amene wagwirapo ntchitoyo zaka 10. Ndiye kuti anzathuwa amayamba ukalaliki ali ku sekondale.

Chenjerani ndi ntchito za pa WhatsApp zokuuzani kuti muyambe mwatumiza ndalama ya fomu. Wolemba ntchito weniweni sakulipiritsani. Ine akubawa sanandibere, osati chifukwa cha nzeru, koma mufoni munalibe choti n'kuba. Mmodzi anachita kundimvera chisoni n'kundifunira mafuno abwino.

Pa intaviyu valani jekete yanu, kapena ya munthu wa msinkhu wanu. Yanga inali ya mlamu wanga, mwamuna wa thupi lake, ndipo popereka moni ndinayamba ndafufuza kumene kuli dzanja. Adzakufunsani kuti mukudziona muli pati zaka zisanu zikubwerazi. Musayankhe kuti "pampando mwakhalapo, bwana". Ena saseka.

Tsono nkhani yosintha ntchito yeniyeniyo. Aliyense ali ndi nzeru. Wina akuti pita ku Joni. Wina akuti anyamata anakwera ndege mu 2023 kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, iwe ukudikira chiyani? Ine amene dimba la kuseri kwa nyumba linandikana! Ntchito 1 miliyoni zimene tinalonjezedwa pa kampeni ya 2020 ndikukhulupirira kuti yanga inalipo, koma inaperekedwa kwa munthu wa dzina lofanana ndi langa. Ndinayesa kabaza. Pokwera chitunda kasitomala anatsika yekha, n'kundithandiza kukankha njinga, kenako n'kufunsa ngati ndingamulipire.

Mayi a kunyumba ndiwo ananena zomveka. "Abambo, mnyamata wowotcherera zitseko uja anaphunzira kudzera ku TEVETA, lero ali ndi antchito. Inu muli ndi tayi." N'zoona, ntchito zamanja sizifunsa zaka zobadwa. Ukalipentala, kuwotcherera, kuika magetsi, kusoka: wodziwa izi sadikira envelopu. Ndinakaima pa shopu ya mnyamatayo kuti ndionere, ndipo maso anandiwawa usiku wonse. Akuti moto uja sauyang'anitsitsa.

Ntchito zambiri sizifika m'nyuzipepala, zimayenda pakamwa. N'chifukwa chake sindijomba pamaliro ndi paukwati, ndipo ndimakhala pafupi ndi anthu olendewetsa makiyi a galimoto. Uzani aliyense kuti mukufuna ntchito, manyazi asiyeni kunyumba. Ine ndauza anthu ambiri moti ena akandiona patali amayamba kuyankha foni yosalira.

Panopa ndapeza kabenchi pakhonde la shopu ya fotokope, pamene ndimalembera anthu makalata ofunsira ntchito. Dzanja langa lili ndi mwayi, koma kwa eni ake. Mtsikana wina amene ndinamulembera analembedwa ntchito mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina. Dzulo wabwera mwaulemu wake.

"Achimwene, mundilembereko kalata yabwino yokanira anthu amene sitinawatenge."

Pa mndandanda wa okanidwawo ndinapezapo dzina langa. Kalatayo ndinailemba mwaluso, yodzaza ndi mawu achilimbikitso, ndipo ndinamulipiritsa kawiri.