Landirani Ulemu, a Nsanja

Anthu oti n'kuwadalira akusowa masiku ano. Mlonda amagona, mboni imatembenuka m'khoti, mnzako wa ponda apa nane ndipondepo amasowa ndalama zikatha. Koma alipo amene sanatisiyepo tokha chifikireni mafoni a m'manja, ndipo palibe anawaomberako m'manja. Ndikunena a Nsanja, aja ataliatali achitsulo, opakidwa zofiira ndi zoyera, oima pamapiri ndi kuseri kwa misika, kanyali kofiira kakuyaka pamutu usiku wonse, jenereta ikulira mumpanda kumapazi kwawo.

Ambirife timati ntchito yawo ndi kutipatsa netiweki basi. Kuwachepetsa kumeneko! Kuti foni yanu ilire munthu akaimba, kampani iyenera kudziwa kaye komwe foniyo ili. Choncho kafoni kanu, ngakhale kali phee m'thumba, kamadziwitsa nsanja za dera lomwe kafika, ngati mlendo waulemu amene sagona m'mudzi asanaonekere kwa anyakwawa. Mukaimba kapena kutumiza uthenga, zimalembedwa: nambala yakuti, nthawi yakuti, nsanja yakuti. M'tauni, momwe nsanja zathithikana, angathe kuloza dera lenileni lomwe muli. Kumudzi nsanja imodzi imasamala makilomita ambiri, ndiye amangodziwa kuti muli chauko. Chifundotu chimenecho: munthu wovutika kale kukwera pachulu kuti amve "halo" amamusiyirako kamalo kobisala.

Tsankho alibe. Bwana wa foni ya galasi lalikulu amathimitsa location n'kupumira m'mwamba kuti wabisala, osadziwa kuti watseka maso a maapu okha. A Nsanja sapempha chilolezo kwa iye. Mayi wogulitsa tomato, wa kafoni ka mabatani komangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe, amalondoledwa mwaulemu womwewo. Nanga wochenjera uja wosinthasintha masimu khadi? Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya IMEI, ya manambala 15, ija imatuluka mukasindikiza *#06#, ndipo netiweki imaiona ngakhale mutalowetsa simu yatsopano.

Chomwe ine ndimawalemekezera kwambiri ndi kukonda choonadi. Pafoni tonse timanama. "Ndili panjira, ndafika pa Chichiri," pomwe munthu akadali ku Bangwe, sopo ali kumutu. "Ndili kumaliro ku Ntcheu," mafunde a ku Salima akumveka kumbuyo. Wangongole ali "kumudzi" chaka chonse. A Nsanja amamva zonsezi osatsutsa, osaseka, osachititsa munthu manyazi. Amangolemba.

Ndipo saiwala. Ku Germany, wandale wa chipani cha Green, Malte Spitz, anatengera kampani ya Deutsche Telekom kukhoti kuti imupatse zomwe inasunga zokhudza foni yake. Anamupatsa mizere yoposa 35,000 ya miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuchokera mu 2009 kulowa mu 2010. Nyuzipepala ya Die Zeit itaziika pamapu a paintaneti mu 2011, aliyense ankatha kumuona akukwera sitima, akufika mumzinda wakuti, akugona kwakuti. Ndani mwa abale anu, ngakhale mayi anu okuberekani, anakusamalanipo motero?

Ena amadzitonthoza kuti mayina amafufutidwa. A Nsanja safuna dzina. Kafukufuku wina wa mu 2013, amene anaunika mayendedwe a anthu 1.5 miliyoni, anapeza kuti kungodziwa malo anayi ndi nthawi yomwe munthu anali pamalopo kumakwanira kusiyanitsa anthu 95 pa 100 alionse. N'zomveka. Ndi angati amagona ku Area 25, n'kumagwira ntchito ku Kanengo, kupemphera ku Kawale, koma Lachisanu lililonse madzulo n'kumapezeka ku Chigwirizano, komwe alibeko m'bale? Ndinu nokha, bambo.

Kuno kwathu tinawapeputsira ntchito. Mu 2018 tinaima pamizere padzuwa, chitupa cha unzika m'manja, kulembetsa masimu khadi kuopa kuti manambala atsekedwa. Kuyambira pamenepo mapazi alionse ali ndi dzina ndi nkhope. Zisanachitike zimenezi, bungwe la MACRA linagula makina a CIRMS, linati ndi oonera ngati makampani a mafoni akutumikira bwino anthu ndi kulipira boma moyenera. Anthu osayamika anawatcha makina aukazitape, nkhani n'kuyenda m'makhoti zaka zingapo. Lero tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2024, ndipo woyang'anira lamulolo ndi MACRA yemweyo. Onani kusamala ndalama kwake: m'malo molemba alonda awiri, mmodzi yemweyo akwanira.

Olalata amati a Nsanja ndi amanyazi pamene ukuwafunitsitsa. Foni ikakwatulidwa pawindo la minibasi, iwo akudziwa dera lomwe yayakiranso, koma mwini wake ayambe wapita kupolisi, adikire chikalata cha kukhoti, ayendere nkhaniyo mpaka nsapato zithe. Ine ndikuti kumeneko ndiko kukhwima. Munthu wamkulu salankhula ndi aliyense. Amalankhula ndi akuluakulu anzake.

Malipiro nawonso savutitsa nawo boma. Kale kazitape ankafuna njinga, chovala cha mvula ndi kangachepe kakumapeto kwa mwezi. A Nsanja timawalipira ndife olondoledwa, ndi mayunitsi ndi mabandulo athu, ndipo magetsi akathima timathamangira kubabashopu kukatchajitsa foni kuti asatisowe ngakhale ola limodzi.

Ndiye inu owerenga, mukamadutsa pansi pa nsanja mawa, vulani chipewa, amayi pindani mawondo pang'ono. Musavutike n'kutchula dzina kapena kunena komwe mukuchokera, akudziwa kale.