Mizu ya kachere sivota

Apao ndi mizu ya kachere, imakumana pansi. Akuluakulu ananena zimenezi kusanabwere pasipoti, nthawi imene kazembe ankayenda wapansi, uthenga uli m'mutu. Mwambiwu akanaupachika pakhomo la nduna iliyonse yoona za ubale ndi mayiko ena, ndalama zambiri za ndege zikanapulumuka.

Tiyambe ndi azungu, poti ndiwo amakonda kutiitanira kumahotela kukatiphunzitsa kukhala bwino ndi anansi. Mu Sepitembala 2021, Australia inathetsa pangano logula sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi ku France, n'kupangana zina mwakachetechete ndi America ndi Britain. France inapsa mtima mpaka kuitanitsa akazembe ake ku Washington ndi ku Canberra kuti abwerere kwawo. Anthu ophunzira analemba zambiri zoti ubalewo wasweka. Ndiye mu Meyi 2022 a Scott Morrison anagwa pachisankho, a Anthony Albanese n'kulowa. Pasanathe miyezi iwiri, Australia inavomera kulipira chipepeso cha mayuro 555 miliyoni, a Albanese anakwera ndege wa ku Paris, ndipo panali kumwetulirana ngati palibe chinachitika. Sitima zija sizinabwerere. Chinasintha ndi nkhope ya wokhala pampando, basi.

Nanga America? Mu 2017 a Donald Trump analengeza kuti akutuluka m'pangano la ku Paris loteteza nyengo. A Joe Biden anabwereramo mu 2021. Mu Januwale 2025 a Trump anatulukanso. Mlembi wosunga kaundula wa panganolo ayenera kuti dzina la America amalilemba ndi pensulo. Chaka chomwecho a Trump ankalimbikira kunena kuti Canada ingokhala chigawo cha nambala 51 cha dziko lawo, ndipo ku Ontario anachotsa mowa wa ku America m'masitolo. Mkangano ukafika pokana mowa wa mnzako, ife kuno timadziwa kuti zavutadi.

Komatu tisaseke kwambiri, chifukwa sewero lomweli tinalionera pakhomo, ndipo lathu linali lokoma kuposa.

Mu Malichi 2007, a Michael Sata, panthawiyo mtsogoleri wotsutsa boma kuno ku Zambia, anatera pabwalo la ndege la Chileka ku Blantyre kuti akacheze ndi a Bakili Muluzi. Boma la a Bingu wa Mutharika silinakondwe ndi mlendoyo. Anawakweza m'galimoto, ulendo wonse mpaka ku Mchinji, n'kuwatula pachipata cha Mwami, atalembedwa kuti ndi munthu wosaloledwa kupondanso Malawi. Patapita miyezi isanu yokha, a Bingu anali chikhalire pa Mkaika kuno ku Katete, pamwambo wa Kulamba, pamodzi ndi a Levy Mwanawasa ndi a Armando Guebuza a ku Mozambique. Ubale unali wa ndiwe yani. Palibe anawerengera kuti munthu anamutaya pa Mwami uja anali asanatope ndi kupikisana nawo pazisankho.

Sepitembala 2011, a Sata anawina. Mwezi wotsatira kunali msonkhano wa COMESA ku Lilongwe, ndipo pulezidenti watsopanoyo anakana kupitako: angalowe bwanji m'dziko limene mapepala ake akuti iye ndi woletsedwa? Anatumiza wachiwiri wawo a Guy Scott, iwo n'kukhala pansi kudikira chipepeso. Ife a kummawa, amene anthu a kumpoto, kwawo kwa a Sata, ndi achimbuya athu, tinali ndi ufulu wonse woseka, koma tinkaseka chamumtima. Ukakhala pakati pa malire awiri, akuluakulu akakwiyitsana, woyamba kuvutika ndi iwe amene mlamu wako ali kutsidya.

Pa 5 Epulo 2012 a Bingu anatisiya, Malawi ali pamzere wa mafuta. Mayi Joyce Banda atangolowa, a Sata omwe aja anatumiza malita 5 miliyoni a mafuta kuti athandize pamaliro. Nawo a ku London, amene kazembe wawo Fergus Cochrane-Dyet anapitikitsidwa ku Lilongwe mu Epulo 2011 chifukwa cha kalata yachinsinsi yodzudzula a Bingu imene inatulukira poyera, anayambanso kumwetulira. Maliro amodzi anakonza zimene akazembe analephera chaka chathunthu. Ndi chaka chomwechonso, 2012, pamene a Sata anapatsa Sinda ndi Vubwi maboma awoawo. Munthu amene anatayidwapo pamalire amawakumbukira anthu a m'malire.

Kazembe ntchito yake ndi ya nkhoswe. Eni banja akatukwanana usiku, iye ndi amene amalawira m'mamawa kukanena kuti sankatanthauza zimenezo. Kusiyana kwake n'koti nkhoswe ya kumudzi imadziwa kuti mwamuna ndi yemweyo chaka ndi chaka, pamene kazembe zaka zisanu zilizonse amamubweretsera mwamuna wina, wa mtima wina, ndipo amayenera kulumbira kuti banja ndi lomwe lija.

Tsono yang'anani pansi pomwe pali mizu. Kalonga Gawa Undi amene alipoyu analowa ufumu mu 2004. Kuchokera pamenepo Lusaka yaona a Mwanawasa, a Rupiah Banda, a Sata, a Edgar Lungu ndi a Hakainde Hichilema. Lilongwe yaona a Bingu, Mayi Banda, a Peter Mutharika, a Lazarus Chakwera, kenaka a Peter kachiwiri. Koma kumapeto kwa Ogasiti, kupatula pamene mliri unatitsekera m'nyumba, mafumu a ku Malawi, a ku Mozambique ndi a kuno amasonkhanabe pa Mkaika pamwambo wa Kulamba uja, kupereka mitulo kwa Kalongayo ndi kufotokoza za anthu awo. Palibe mfumu inanyanyalapo poti ku State House kwalowa wina. Gule sasintha kavinidwe chifukwa cha zotsatira za chisankho. Bungwe la NATO likanatumizako nthumwi, likanaphunzira momwe mayiko atatu amakhalira pabwalo limodzi tsiku lonse, padzuwa, popanda wina kuopseza mnzake ndi msonkho, ngakhale ndikukayika ngati mawondo a nthumwizo angapirire kugwada.

Ngakhale a Kamuzu Banda analephera kuigwedeza mizu imeneyi. Mu 1968 ananena kuti malire enieni a Malawi amafika kumtsinje wa Luangwa. A Kenneth Kaunda anakalipa, manyuzipepala anadzaza. Zikanatheka, munthu wa ku Katete akanagona ali Mzambia n'kudzuka ali Mmalawi, mphasa ili pomwepo. Iye anangopitiriza kupalira mtedza wake, poti a Phiri ndi a Banda a mbali zonse ziwiri anali atakwatirana kale mopitirira muyeso woti mapu angawalekanitse.

Mwambiwu uli ndi mbali imene akuluakulu sanaitchule: mizu siimangokumana, imapatsirananso madzi, ndipo siipempha chilolezo. Mu Disembala 2022 a Hichilema ndi a Chakwera anatsegula chipata chatsopano cha Mwami ndi Mchinji, choti wapaulendo aziima kamodzi kokha. Chinali chinthu chabwino ndithu, ndipo manja anaombedwa. Kungoti ku Vubwi, cha ku Sindamisale uko, anthu anali atayamba kale ndondomeko yapamwamba kuposa imeneyo, yosaima n'komwe. Chilala cha 2024 chitavuta, boma la Zambia linaletsa kutulutsa chimanga kunja, asilikali a ZNS n'kumwazidwa m'malire. Ku Lusaka ankatchula zimenezi kuti kuzembetsa katundu. Wokankha njingayo, matumba awiri ali pakaliyala, ankati akukapepesa maliro kwa amalume. Ndipo ukafufuza, malirowo analipodi, amalumewo analinso enieni. Chokayikitsa chinali chakuti amwalira kachitatu mwezi umodzi.