Kamemore kalemekezeke

Boma la Chitipa lili ndi zambiri zonyaditsa, ndipo olemba mabuku a sukulu anazitchula kale: khofi wa ku Misuku, mapiri a Mafinga, mtsinje wa Songwe wotilekanitsa ndi Tanzania, ndi zilankhulo zoti ukanyamuka pa boma kupita kwa Kameme umafika moni atasintha kangapo. Koma palibe amene anaimirirapo pa msonkhano n'kuthokoza kanthu kamene kagwira ntchito yoposa ya mabungwe onse obwera pa magalimoto oyera. Ndikunena kamemore khadi, kakuda bii, kotalika mamilimita 15 m'litali ndi 11 m'lifupi, kamene kakagwa pansi banja lonse limagwada n'kuyamba kusefa dothi ndi zala. Lero kakhale pa mpando wa mlendo wolemekezeka.

Tiyambe ndi kudzichepetsa kwake. Dzina loti microSD kanalitenga mu 2005, ndipo kuno kamalowa mosadzionetsera, m'zikwama za amalonda ochokera ku Tunduma ndi ku Nakonde, kapena pa msewu wa tara wa ku Karonga uja anatimangira Matchaina. Sikapempha alawansi, sikadikira a DC kuti adule riboni. Anzathu a ku Lilongwe amati kanema masiku ano ndi wa pa intaneti, ungolipira Netflix basi. Tiwaitane adzayese kwa Nthalire kapena ku Wenya, kumene uthenga wa WhatsApp umapita mwini wake ataimirira pachulu, mkono uli m'mwamba. Tiwatengerenso kumalire, kumene foni imatha kukulandira ndi manja awiri ku Zambia iwe uli gone pamphasa pako m'Malawi. Kamemore sikadziwa malire, sikafuna bandulo, sikaimitsa filimu pakati n'kumazungulira. Mvula igwe, netiweki ithawe, bola batire la sola lili ndi moto.

Kachisi wake ndi kashopu kobenera nyimbo ndi mafilimu, kamene kamakonda kukhala pakati pa ometa tsitsi ndi otchaja mafoni. Mkatimo muli kompyuta imene inadyerera unyamata wake mu ofesi ina kutsidya kwa nyanja, kiyibodi yofufutika zilembo, ndi sipika yomveka mpaka kogulitsa usipa. Pampando pali mnyamata, kamtengo kotokosera m'mano kali pakamwa. Amalandira kamemore ndi zala ziwiri, kukapukuta pamalaya, kukauzira mpweya, kenako funso.

"Akulu, ndikuikireni ziti? Zandewu, zachikondi, kapena za Mulungu?"

"Zandewu, koma zomasulira. Mayi akunyumba akuti muikemonso kwaya."

"Malo achepa. Tichotse ukwati uwu?"

"Iyayi aise, umenewo ndi wanga."

Ku Ulaya akatswiri a kanema alemba mabuku onenepa pokangana za mitundu ya mafilimu. Mnyamatayu mlanduwo anaugamula kalekale: mafilimu onse a dziko lapansi amakwana m'mafoda atatu. Yachinayi ilipo, dzina lake New Folder, koma imeneyo safunsa pali ana.

Mphatso yaikulu ya kamemore kwa okonda kanema ndi mafilimu omasulira. Wopanga filimu ku Hong Kong kapena ku Mumbai amataya ndalama zankhaninkhani kuti woonera asadziwe mathero. DJ wathu ndi munthu wachifundo, safuna mtima wanu uvutike: mphindi khumi zisanathe wakuuzani kale kuti mkulu wandevuyo musamukhulupirire, ndi amene adzaphe bambo ake a ekita. Anthu onse amawabatiza mwatsopano, Mtchaina n'kukhala Chimwemwe, Mmwenye n'kukhala Nabanda. Pamene wopanga filimu anasiya pali zii kuti woonera alingalire, DJ amaikapo moni kwa anzake ndi dzina la shopu yake. Pakamwa pake pamodzi pamatuluka mfumu, mkazi wa mfumu, ndi hatchi yomwe. Ife a kumalire timadyera kuwiri, pakuti kamemore kamodzi kamasenza zomasulira m'Chichewa ndi za m'Chiswahili, za a DJ Afro a ku Kenya, osaiwala mafilimu a malemu Steven Kanumba, amene anatisiya mu 2012 koma m'mafoni akadali kukwatira ndi kusudzula. Ndipo m'boma limene mwana amakula akulankhula Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha kapena Chitumbuka, alipo ana amene Chichewa amayamba kuchitola kwa DJ asanakumane ndi aphunzitsi. Chimakhala chamwano pang'ono, n'zoona, koma sachita nacho chibwibwi.

Oonera nawonso kawasula. Lowani mu vidiyo sho yotchinga ndi mphasa Loweruka masana mumve mwana wa Sitandade 4 akuweruza: ekita safa, akafa ndiye kuti kuli gawo lachiwiri, ndipo filimu yoyamba ndi anthu kucheza pabalaza ndi yakuba ndalama. Mu 2019 kunatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, ya mbiri ya William Kamkwamba, yojambulidwa ku Kasungu. Akunja anaombera m'manja nkhani ya mphepo ndi magetsi. Amalawi, ambiri a iwo ataionera pa timemore, anafika msanga pa nkhani yeniyeni: Chichewa chija cha a Chiwetel Ejiofor, mmodzi wa osewera m'filimuyo, n'cha mudzi uti?

Tsopano tilowe m'bwalo la ophunzira. Mu 1983 mkulu wina wa ku America, Richard Stallman, analengeza ntchito ya GNU, mfundo yake ili yoti pulogalamu ya pakompyuta izikhala yoti aliyense aigwiritse ntchito, aione mkati momwe inalembedwera, aisinthe, n'kugawirako anzake. Mu 1991 Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki, anatulutsa Linux, imene lero ndi maziko a Android m'mafoni athuwa. Zipatso za maganizo amenewa tikudya ndithu. DHIS2, yochokera ku University of Oslo, ndi imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero za zipatala za m'maboma. VLC, kapulogalamu ka chizindikiro cha kachipewa ka pamsewu kaja, anakayamba ndi ophunzira a ku École Centrale Paris ndipo kanatsegulidwa kwa onse mu 2001. Mnyamata wa pashopu amakakonda chifukwa kamaliza chilichonse, ngakhale filimu yoduka mchira. Akuluakulu amenewa amachita misonkhano, amalemba malayisensi ataliatali ofotokoza za kugawana. Kamemore sikanawerengepo tsamba ndi limodzi lomwe, koma kugawana kanakufikitsa pamene a Stallman sanalotepo. Kusiyana kulipo, kochepetsetsa, koti munthu waulemu sangakutchule pagulu: a Torvalds anagawa zawo, kamemore kamagawa za eni.

Eni akewo ndiye kusayamika. A Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. A Joyce Mhango Chavula anabwerako ku Lagos ndi mphoto mu 2016 chifukwa cha filimu yawo ya Lilongwe. Kodi anthu otanganidwa chonchi akanatha kusenza mafilimu pamutu mpaka ku Ifumbo? Ntchito imeneyi kamemore kamawagwirira aluso ulere, iwo osakhetsa thukuta, osalandiranso tambala, zomwe zimawapulumutsa ku mutu wowawa wowerenga ndalama. Kwaya imene yagulitsa chimanga kuti ikajambule ku Mzuzu imapeza nyimbo zake zikulira m'mudzi monse ma CD akadali m'katoni. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, ndipo kamemore kawaikira aluso athu chuma chambiri, kungoti kiyi wa nkhokweyo kanataya. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, litaona kuti mnzawoyu ndi wosagwirika, linatsamira lamulo la umwini wa zaluso la 2016 n'kuyamba kulandira kangachepe pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu zikamalowa m'dziko, kuti lizigawira aluso. Ndiye kuti kamemore tsopano ndi nzika yokhoma msonkho. Ndikunena kolowera pachipata. Abale ake odzera njira za m'tchire anadzikhululukira okha.

Ena amakanena kuti n'kabodza. Pachikuto palembedwa 32GB, koma mukangoikamo mafilimu angapo, ena ayamba kukana kutseguka. Chimachitika n'chakuti makhadi achinyengo amakonzedwa kuti aziuza foni kukula kumene alibe. Malo enieni akatha, zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale kapena zimangotayika. Ilipo pulogalamu yaulere yotchedwa F3 imene imadzaza khadi lonse n'kuliwerenganso kuti ione pamene bodza layambira. Koma tisakaweruze msanga. Munthu wolonjeza zazikulu n'kupereka zochepa ife timamuvotera, nthawi zina kawiri. Kamemore tikadanirenji?

Kamadziwanso kuchereza alendo. Kakalowa m'kompyuta ya pamsika imene yalandira makhadi a dera lonse, kamabwerako ndi vayirasi ija yosandutsa mafoda kukhala mashotikati. Mwini wake amalira maliro a zithunzi za ubatizo, chikhalirecho sizinafe, zangobisidwa, ndipo mzere umodzi wa lamulo la pakompyuta lotchedwa attrib umazitulutsa poyera. Mnyamata wathu mzerewo amaudziwa, ndipo amalipiritsa. Matenda pashopu pake, mankhwala pashopu pake pomwepo. Ena nzeru zoterezi amakaziphunzira zaka zinayi ku yunivesite.

Koma ukulu weniweni wa kamemore ndi kukhulupirika: sikaiwala. Inu mukadilita chithunzi mumati chapita. Sichinapite. Foni yangochotsa dzina lake pa mndandanda n'kulemba kuti malowo alibe mwini, ngati mfumu yofufuta munthu m'kaundula wa mudzi iye ali khale m'nyumba mwake akuotha moto. Pokhapokha china chitalembedwa pamalo omwewo, pulogalamu ya PhotoRec, nayonso yaulere ndi yotseguka kwa onse, imachidzutsa chathunthu. Kufomata kwachangu kuja nakonso sikuphula kanthu. Tsono taganizani zimene zimadutsa m'manja mwa mnyamata uja pa tsiku la msika. Chiphaso cha unzika cha agogo, kumaso ndi kumbuyo, chimene mdzukulu anajambula kuti akalembetsere simu khadi. Kapepala ka zotsatira za kuchipatala. Mawu a usiku amene mkulu wa mpingo anatumizira mayi amene si wa kunyumba kwake. Kanema wa mtsikana amene anakhulupirira chibwenzi. Iye amayamba wakopera zonse pakompyuta yake, ati kuti zisasowe pobena, ndipo apa tiyenera kumuvulira chipewa. Olemba mapulogalamu amalalikira tsiku ndi tsiku kuti chinthu chofunika chizisungidwa malo angapo, koma ochita zimene amalalikirazo ndi owerengeka. Iyeyu amachita, osapemphedwa, ndi zinthu zanu.

Malamulo alipo, abwino ndithu. La Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowerera zinthu za eni za pakompyuta popanda chilolezo, ndipo la Data Protection la 2024 linapatsa MACRA udindo woyang'anira momwe mbiri za anthu zikusungidwira. Kungoti kuchokera ku Lilongwe kufika pa Chitipa ndi makilomita oposa 600, ndipo kamemore kamathamanga kuposa kalata ya boma. Kanema wa mtsikana uja akayamba kuyenda m'mafoni, wosiya sukulu ndi iyeyo, wosowa poyang'ana kutchalitchi ndi mayi ake. Wokopera uja m'mawa mwake amatsegula shopu monga mwa masiku onse, sipika ili pamwambamwamba. Pamenepa ngakhale ine wotamanda malovu andiuma.

Komabe ulemu ndi ulemu. Ndikupempha a Khonsolo ya Chitipa kuti pa bajeti ikubwerayi aganizireko zomangira kamemore chipilala pa boma. Ndalama zisawadetse nkhawa: pachikwangwani alembe kuti n'cha mamita 32, amange cha mamita 4, mwini ulemuyo adzamvetsa. Inu owerenga, podikira chipilalacho, kalemekezeni pogula tiwiri. Ka mafilimu ndi kwaya kaziyenda kumsika momwe kafunira. Ka zithunzi zanu, ziphaso ndi mawu a usiku kasamatuluke m'foni, ndipo foniyo ikamapita kokakonzetsa kazitsala kunyumba. Tsiku limene kadzatope musadzakagulitse, musadzapatse ndi alamu omwe. Mudzakaphwanye ndi mwala.