Vitz Yanga Ikusowa Mpweya

Chimangireni mlatho wa pamwamba pa Longacres, Lusaka yense wadziwa chinsinsi cha m'banja mwathu. Kale pa raundabauti paja tonse tinali ofanana. Wa Prado, wa Hilux, ine wa Vitz, aliyense phazi pa buleki, kumapatsana moni ndi maso. Lero pali chitunda, ndipo chitunda sichisungira munthu ulemu. Ndikafika pakati ndimazimitsa wailesi, n'kuuza ana kuti aleke kulankhula, galimoto isasokonezeke maganizo. Kondakitala wina wa minibasi anafika potulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Ba mudala, tikupusheniko?"

Ine sindivomera kuti galimoto yanga ndi yofooka. Injini ya 1000cc, masilinda atatu, horsepower pafupifupi 70, si zamasewera. Wolakwa ndi Lusaka. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero mpweya wake ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake ikakwera kuno. Vitz yanga inakulira ku Japan, kodzaza mpweya. Izi ndimafotokozera aliyense amene ndamupatsa lifti, ngakhale asanafunse. Amake ana okha ndiwo amandibweza ndi funso: "Nanga Vitz ya aneba ija imapuma mpweya wa kuti?"

Wobweretsa yankho anali mwana wa mlongo wanga, amene ubongo wake unaumbidwa ndi filimu ya The Fast and the Furious ya mu 2001. Akuti, "Amalume, ikani NOS." Mu filimu muja munthu amangodina kabatani, msana n'kumamatira ku mpando, magetsi a mumsewu n'kusanduka mizere. Ndinamukalipira kuti azilimbikira sukulu. Usiku womwewo ndinagona mochedwa, ndikufufuza pa foni, gumbeze kumutu kuti kuwala kusadzutse mwini nyumba.

Tamverani tsono, poti tsopano ndine katswiri. NOS ndi dzina la kampani ya ku America, chinthucho ndi nitrous oxide. Anthu amaganiza kuti ndi mafuta oyaka koopsa, koma ayi, pawokha sayaka. Ntchito yake ndi kunyamula okosijeni. Injini imapeza mphamvu powotcha petulo, ndipo petulo sapsa popanda okosijeni. Mumpweya umene tikupumawu, okosijeni ndi magawo 23 pa 100 aliwonse tikayeza kulemera. Mu nitrous ndi magawo 36. Akalowa mu silinda n'kutenthedwa kufika pa madigiri pafupifupi 300, amasweka, okosijeni n'kumasuka, moto n'kukula, pisitoni n'kukankhidwa mwaukali. Palinso bonasi. Mu botolo amakhala wamadzimadzi, wopanikizidwa kwambiri, ndipo potuluka amazizira mpaka madigiri 88 kunsi kwa ziro. Mpweya wozizira umathithikana, motero wambiri umakwana mu silinda imodzimodziyo.

Aliyense amene anakolezapo mbaula akudziwa kale sayansi imeneyi. Ukakupiza ndi chivindikiro cha poto, makala amafiira, ndiwo n'kuwira msanga. Koma makalawo amathanso msanga, ndipo ukapitiriza, mbaula imabooka pansi. Ndime yachiwiriyi ndinaiwerenga mothamanga.

Chimene chinandikomera mtima ndi mbiri yake. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Ajeremani ankaika nitrous mu ndege zawo zankhondo, monga Messerschmitt Bf 109, pa njira imene ankaitcha GM-1, kuti injini zisafooke zikakwera m'mwamba kopanda mpweya wokwanira. Mwaona? Matenda a ndege yankhondo ndi omwewo a Vitz yanga. Ndinawadzutsa amake ana kuti amve zimenezi. Ndinawonjezanso kuti anatulukira mpweyawu ndi Joseph Priestley mu 1772, ndipo mu 1844 dokotala wa mano Horace Wells anaupuma n'kuzulitsa dzino lake osamva ululu. Iwo anati, "Ndiye mugule, mwina galimotoyo ingaleke kubuula," n'kutembenukira kukhoma.

Loweruka ndinapita kwa makanika wanga ku Kabwata, amene galaja yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Ndinamupeza miyendo yokha, thupi lonse lili kunsi kwa Corolla. Nditamuuza nkhani yanga, miyendo ija inasiya kugwedera. Anatuluka pang'onopang'ono, n'kupukuta manja pa ovolosi, n'kusuzumira pa dashibodi yanga pamene kanyali ka mafuta kanali kayaka monga mwa masiku onse.

"Ba boss, mumathira petulo ya zingati?"

Ndinati zimatengera nyengo.

"Ya zingati?"

Ndinati K100, koma nthawi zina, pa mapeto a mwezi, K150.

Anakhala pansi pa tayala. Anati nitrous sabwera yekha, amabwera ndi njala. Okosijeni akachuluka, petulo ayenera kuchuluka naye, n'chifukwa chake zida zina zimapopera nitrous ndi petulo limodzi, zina zimalamula ma injector kuti awonjezere. Petulo akaperewera, moto umatentha mopitirira, umaphulika nthawi isanakwane, ndipo pisitoni imasungunuka n'kubooka pakati. Pamafunikanso mapulagi ena opirira kutentha, kubwezako taimingi, ndi pampu ya mafuta yamphamvu. Ndipo ngati ndikufuna kuwonjezera horsepower 50 pa injini ya 70 imene yayenda kale dziko lonse la Japan ndi msewu wa Nakonde, ndiyambe ndagula thumba lotolera zitsulo pamsewu.

Ndinafunsa kuti botolo limodzi lingandifikitse ku Chipata kapena ayi. Anyamata ake awiri anasiya masipanala kuti aseke bwino. Botolo lodziwika kwambiri ndi la makilogalamu 4.5, ndipo ukalitsegula mwamphamvu limatha m'mphindi ziwiri kapena zitatu. A mipikisano amadina kwa masekondi 10 kapena 15 basi, ataponda moto mpaka pansi, injini ikuzungulira kale mwaliwiro, pamsewu wowongoka wopanda munthu.

Apa ndinayamba kuyenda m'maganizo ndi Lusaka yense, kufunafuna masekondi khumi amenewo. Haile Selassie Avenue 17 koloko, kumene wogulitsa nthochi wapansi amandipitirira kawiri? Burma Road ndi mahampu ake? Great East Road kulowera ku Chelstone, kumene minibasi imaima paliponse pamene munthu wakanda mutu? Ku Kabulonga ndi ku Woodlands misewu ndi yabwino, koma galimoto zake n'zoti ukagunda imodzi, adzukulu ako adzamaliza ngongole. Ndipo a RTSA, oyang'anira za pamsewu, ndingawafotokozere bwanji botolo la buluu mu buti, pambali pa thumba la ufa ndi kabichi?

Ndinayesa njira yomaliza. Ndinati nanga tikangoika kuti ndizipumako ndekha pa mdipiti, poti akuti amasangalatsa mtima. Makanika anati wa galimoto amamusakaniza dala ndi sulphur dioxide kuti anthu a maganizo ngati anga asamupume.

Kenaka anatsegula boneti, n'kumasula tizitsulo tiwiri, n'kutulutsa fyuluta ya mpweya. Ine ndinkayesa kuti chinthucho chinapangidwa chofiirira. Anachimenyetsa pa tayala katatu, fumbi la chilimwe chathachi ndi cha dzana n'kukwera mpaka m'masamba a mango, tonse n'kuyamba kutsokomola. Munagwanso phiko la chiwala.

"Nitrous yanu ni iyi, ba boss. Motoka siinali kupema."

Anandilipiritsa K50, ndiye kuti theka la petulo wa sabata. Pobwerera ndinadzera ku Kamwala n'kugula sitika yaikulu yolembedwa NOS, n'kuimata pa galasi lakumbuyo. Ndikulumbira kuti galimoto inasintha kayendedwe, ngakhale amake ana akuti ndi fyuluta. Dzulo pa maloboti a pa Addis Ababa Drive mnyamata wa Subaru anaona sitikayo, n'kuliza injini yake kawiri, kundiitanira mpikisano. Ndinamuyang'ana mwachifundo, n'kumukodola ndi dzanja kuti atsogole. Ndinamuuza kuti botolo ndalisiya kunyumba, akuchapa.