Mlandu wa nyerere za mu nkhuyu

Sabata yathayi ndinagula ndowa ya mbatata ya kachewere pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1. Dzina la msikawo sinditchula, chifukwa pakati pa Lizulu ndi Tsangano ndili ndi abale ambiri, ndipo ndikufunabe kumaitanidwa ku maukwati. Pamwamba pa ndowayo panali mbatata zonga zibakera. Nditafika kunyumba n'kukhuthula, za pansi zinali zoti mwana n'kulasira mbalame pa legeni. Mayi a kunyumba anangoyang'ana, n'kunena kuti, "Bambo, chikomekome cha mkuyu." Mbali yotsalayo anandisiyira kuti ndimalize ndekha.

M'kati muli nyerere. Mwambiwu ndinaumva koyamba kwa agogo, m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, tsiku lomwe mnyamata wina wa nsapato zonyezimira anabwera kudzafunsira azakhali. Nsapatozo zinadzadziwika kuti zinali zobwereka. Ife ana mkuyu tinkaudziwa mwa njira ina: kutola nkhuyu, kuing'amba ndi zala, kuuzira kuti fuu tizilombo tibalalike, n'kuponya m'kamwa. Palibe anafunsapo kuti tizilomboto tinalowa bwanji m'chipatso chotsekeka ngati mpira.

Lero ndaima ngati loya wa nyerere. Akatswiri a zomera ndi tizilombo ataufufuza mlanduwu anapeza kuti eni nyumba mu nkhuyu ndi timavu ting'onoting'ono, ta mamilimita awiri basi. Nyerere zimabweradi, koma mochedwa, kudzasaka timavuto ndi kudzanyambita zotsekemera. Zili ngati munthu wofika pa malo a ngozi kudzaonerera, apolisi n'kumunjata kuti ndiye dalaivala.

Kodi munaonapo duwa la mkuyu? Musavutike kukumbukira. Maluwa ake, mazanamazana, ali m'kati mwa nkhuyu momwemo. Nkhuyu ndi thumba la maluwa, ndipo njuchi kaya gulugufe sangawafike. Kunsonga kwake kuli kabowo kothina, ndipo kamavu kakakazi kamadzifinyira pamenepo mpaka mapiko kuthothoka. Amene anakwerapo minibasi ya ku Balaka tsiku la msika akudziwa zomwe ndikunena: umalowa ndi chipewa ndi jumbo, pofika pa mpando watsala wekha. Kakalowa, kamapaka pa maluwawo mungu womwe kanyamula ku mkuyu wina, kamaikira mazira m'maluwa ena, kenako kamafera momwemo. Maluwa olandira mungu ndiwo amabala njere, tija timalira kuti khrr m'mano.

Ana akakhwima, amuna ndiwo amayamba kutuluka. Mapiko alibe, maso ndi ongoti alipo. Ntchito zawo ndi ziwiri zokha: kukwatira akazi asanatuluke m'tizipinda tawo, ndi kuboola khomo loti akaziwo atulukirepo. Akatha apo amafa, dziko osaliyenda. Nditawafotokozera mayi a kunyumba, anati amenewo ndiye amuna odziwa udindo, n'kundikumbutsa za chitseko cha bafa chomwe ndinalonjeza kukonza mvula ya chaka chatha isanagwe.

Akaziwo amatenga mungu n'kuuluka, ndipo moyo wawo ndi wa tsiku limodzi kapena awiri. Musawaderere. Mu 2009 ofufuza anaonetsa kuti m'mbali mwa mtsinje wa Ugab ku Namibia, timavu ta mtundu wa Ceratosolen arabicus tinkatengedwa ndi mphepo n'kukafikitsa mungu pa mkuyu wa pa mtunda wa makilomita 160. Ndi ngati kuchoka pa boma la Ntcheu mpaka ku Lilongwe, opanda mafuta, opanda kondakitala, opanda kuima pa rodibuloko.

Mkuyu ndi abale ake, kachere mmodzi wa iwo, alipo mitundu yoposa 700 pa dziko lonse, ndipo pafupifupi uliwonse uli ndi mavu akeake. Pangano limeneli lakhala zaka zoposa 60 miliyoni, Angoni asanalote n'komwe zowoloka Zambezi. Komatu anamalira abodza ndi ponseponse. Kuli kamavu kena, Ceratosolen galili, komwe kamalowa mu nkhuyu yomweyo n'kuikira mazira, koma ntchito yopaka mungu osagwira. Aliyense wa ife ali naye wachibale wotere: pa maliro amafika manda atakumbidwa kale, nthawi yake yeniyeni yopakula nsima.

Ndiye taonani momwe tauchimwira mtengowu. Zomwe timanyansidwa nazo mu nkhuyu ndi antchito, ndipo popanda iwo sipakanakhala njere, mkuyu watsopano, ngakhale chakudya cha anyani, mileme ndi mbalame zomwe zimadzaza mtengowo ukabereka. Chikomekome cha masiku ano n'choipirapo, chifukwa m'kati mwake ngakhale nyerere mulibe. Mphwanga anagula foni yonyezimira, kumbuyo kwake makamera anayi. Itagwa n'kutseguka tinapeza kuti yogwira ntchito ndi imodzi, zitatu zinazo ndi magalasi omata. Pa Facebook pali mnzanga yemwe sabata iliyonse amajambulitsa atatsamira galimoto yatsopano, koma tikakumana pa depoti amandipempha kuti ndimuonjezere ya thiransipoti. Mkuyu sunanamizepo munthu chotero. Ukafiira ndiye kuti wapsadi, ndipo alendo ake amalipira lendi.

Kusintha mwambiwo sindingayerekeze. Ndayesa kunena kuti "m'kati muli Ceratosolen arabicus" ndipo lilime linakana. Agogo akanandiponyera chikuni. Nyerere zipirire basi, mlandu wakhalitsa.

Koma inu owerenga, mukadzadutsa pansi pa mkuyu wobereka, tolani nkhuyu imodzi yomwe yangoyamba kufewa, muing'ambe, ndipo musafulumire kuuzira. Yang'anitsitsani: ta mapiko ndi akazi, tokwawa topanda mapiko ndi amuna aja. Ine Loweruka ndikubwerera ku msika uja, ndipo ndowa ndikaikhuthula kaye ndisanalipire.